Kuwedza pa madzi oundana ku Saimaa: yezani ayezi musanaponye mbedza

Nyanja ya Saimaa, yaikulu kuposa zonse ku Finland, imaundana pamwamba nyengo yozizira, ndipo mu Febuluwale ndi Malichi anthu amayendapo pansi kukawedza mongosangalala. Eni dziko amati pilkki: kuboola ayezi ndi kutsitsiramo mbedza. Kuwedza kotere sikulira chiphaso, koma kumalira maso.

Ntchito yoyamba ndi kuyeza. Boolani pafupi ndi gombe, muyeze, kenaka muziboolanso mukamalowa mkati. Ayezi wodalirika ndi wowala ngati galasi, wooneka wakuda. Wokhuthala masentimita 10 amanyamula munthu woyenda pansi. Woyera ngati ufa uja ndi chipale chosakanikirana ndi madzi, ndipo mphamvu yake ndi theka chabe, choncho osamuwerengera mofanana. Saimaa ili ndi zisumbu zambirimbiri, ndipo m'mipata yake madzi amayenda kunsi ndi kumadya ayezi. Lambalalani mipata yoteroyo, pansi pa milatho, pamene mtsinje walowera m'nyanja, ndi m'njira za sitima. Chipale chochuluka nachonso chimanyenga: chimafunditsa ayezi ngati bulangete, iye osakhuthala.

M'khosi muvale naskalit, timisomali tiwiri ta zigwiriro, kunja kwa jekete osati m'chikwama. Ayezi akathyoka, kuzizira kumabanikitsa munthu kwa mphindi imodzi kapena kuposerapo. Dikirani mpweya ubwerere, tembenukirani komwe mwachokera, chifukwa kumeneko ayezi anakunyamulani kale, bayani misomaliyo, menyani miyendo, mudzikoke chafufumimba. Mukatuluka musaimirire, gubuduzikani. Nambala ya ngozi ndi 112. Ndipo zopita nokha ayi.

Zida ndi zochepa: chiboolero choboola bowo la masentimita 10 mpaka 15 m'lifupi, chipande chobooka chokokolera zidutswa za ayezi m'bowo, kandodo kosatalika kuposa mkono, ndi kachitsulo konyezimira kokhala ndi mbedza. Nyambo ndi mphutsi za ntchentche. Zisungeni m'thumba lamkati, chifukwa zikauma ndi chisanu sizigwedezekanso.

Nsomba yomwe ambiri amasaka ndi ahven, yamizere yakuda ndi zipsepse zofiira. Imayenda m'magulu chapansi. Tsitsani chitsulo mpaka chigunde pansi, chikwezeni pang'ono, gwedezani kawiri katatu, kenaka khalani phee kwa masekondi angapo. Nsomba imaluma pa nthawi yopumirayo, ndipo oyamba kumene amaiphonya chifukwa dzanja lawo silikhazikika. Pakatha mphindi 10 popanda kanthu, nyamukani mukaboole pena. Kukakamira bowo limodzi ndi kungodzizunza ndi mphepo. Chingwe chikaundana simumva kuluma, choncho muzichipukuta ndi zala.

Nsomba ina, kuha, yosakwana muyeso wololedwa ndi lamulo kuderalo iyenera kubwezedwa msanga, isanagone pa ayezi, chifukwa maso ndi makha ake zimauma ndi chisanu. Yochokera kozama kuposa mamita 10 kawirikawiri imatupa chikhodzodzo cha mpweya ndipo sipulumuka ngakhale muibweze, ndiye ngati zing'onozing'ono zikuchuluka, sunthirani kosazama.

Milu ya chipale m'mphepete mwa zisumbu musaiponde. Mmenemo saimaannorppa, nyama ya m'madzi yopezeka ku Saimaa kokha, imaswera ana kumapeto kwa Febuluwale ndi mu Malichi, ndipo mphanga yake ikagumuka kamwanako kamatsala pamtunda, pa chisanu ndi pamaso pa nkhandwe.