Prednisolone wa miyezi ndi miyezi akutha mafupa a msana

Nyengo yokolola ino yavumbula vuto lomwe linali chibisalire. Munthu wasenza thumba la chimanga, wina wangowerama kutola dengu, basi ululu wobaya pakati pa msana, kudzuka osatheka. Ukafunsitsa, umapeza kuti akhala akumwa prednisolone, mapiritsi ochepetsa kutupa m'thupi, kuyambira chisanu chatha, ena chifukwa cha nyamakazi yotupitsa mfundo za zala, ena mphumu, ena matenda apakhungu. Kuchipatala adawalembera wa masiku ochepa. Atatha, adakagula okha wina, ndipo mpaka lero sanabwererekonso.

Mankhwalawa ndi abwino, amazimitsa kutupa msanga, n'chifukwa chake anthu amawakakamira. Koma fupa si mwala. Tsiku lililonse thupi limagumula fupa lakale n'kumanga latsopano. Prednisolone amafooketsa maselo omanga, pomwe ogumula akugwirabe ntchito yawo. Matumbo amayamba kuyamwa kashiamu (mchere womanga mafupa) wochepa, impso nazo n'kumataya wambiri mumkodzo. Minofu ya m'ntchafu imaonda, munthu amachita kugwira maondo podzuka pampando, ndipo sachedwa kugwa. Fupa limatha mothamanga kwambiri m'miyezi 3 mpaka 6 yoyambirira, nthawi yomwe wodwala akusangalala kuti wachira. Piritsi limodzi la 5 mg patsiku kwa miyezi 3 ndi lokwanira kuika mafupa pachiswe. Musanyengedwenso ndi kuchepa kwa dexamethasone, mankhwala ena a mtundu womwewu: 0.75 mg wake ali ndi mphamvu yofanana ndi 5 mg wa prednisolone.

Oyamba kuphwanyika ndi mafupa a msana, ndipo nthawi zambiri amatero mwakachetechete. Munthu amangofupika msinkhu, msana n'kuyamba kukhota, achibale n'kumati ndi ukalamba.

Mayi wina wolima mtedza, yemwe adasiya kale kusamba, ankamwa mapiritsi awiri m'mawa uliwonse kwa zaka ziwiri kuti zala zizigwira khasu. Nkhope itafufuma, anzake ankamuyamikira kuti wanenepa. Chaka chino watsakamira pokweza thumba pangolo. Atamujambula, mafupa awiri a msana adapezeka ataphwathalala. Mtedza wake akumba ndi aganyu, ndalama ya feteleza yathera thiransipoti yakuchipatala, ndipo mafupawo sadzabwereranso mwakale.

Chizolowezi chopatsana mapiritsi kuchigayo kapena pamaliro, ati "awa adandithandiza ine", chatopetsa. Chimodzimodzi kugula mapiritsi opanda dzina m'kapepala, kaya ufa wa m'botolo womwe simukudziwa chomwe adathiramo. Ululu ukazima sindiye kuti nyamakazi yatha. Ikudyabe mfundo, ndipo nayonso payokha imafooketsa mafupa. Tidzamva liti zimenezi?

Ngati mwamwa kopitirira masabata 3, musasiye lero lomwe. Thupi limakhala litachepetsa kupanga mankhwala ake achilengedwe ofanana ndi prednisolone, ndiye kusiya mwadzidzidzi kungagwetse kuthamanga kwa magazi mpaka munthu kukomoka. Tengani mapiritsiwo ndi buku lanu lakuchipatala, adokotala akuchepetsereni pang'onopang'ono. Funsani za mankhwala ena olowa m'malo mwake, monga methotrexate ngati ndi nyamakazi, kapena mankhwala opopera m'kamwa ngati ndi mphumu. Munthu wamkulu wa pa mankhwalawa amafunika kashiamu 1,000 mpaka 1,200 mg ndi vitamini D 600 mpaka 800 IU patsiku. Usipa ndi matemba idyani ndi minga yomwe, onjezani bonongwe, mkaka kapena chambiko, ndipo muzikhalako padzuwa. Yendani tsiku lililonse, fodya ndi kachasu zilekeni, matumba olemera asenze ena. Mukapatsidwa alendronate wa 70 mg, mankhwala olimbitsa mafupa, muzimwa kamodzi pasabata, m'mawa musanadye, ndi kapu yodzaza madzi, ndipo musagone kapena kudya kwa mphindi 30.