Momwe mungadyere mtima ukafooka: za ma polyphenol ndi zina zoyenera kusamala

Miyendo ikamatupa, befu n'kumakupezani musanafike n'komwe pachigayo, nthawi zina vuto limakhala mtima umene ukulephera kupopa magazi mokwanira. Pa WhatsApp pakuyenda nkhani yoti mtima wofooka umathandizidwa ndi ma polyphenol, tinthu tam'zomera timene timafiiritsa mapira ndi kupatsa tiyi kakuwawa kake. Timathandiza mitsempha ya magazi kumasuka, koma umboni wambiri wokhudza mtima wofooka unapezeka pa makoswe ndi mu labotale. Ndi zothandizira chabe, si mankhwala.

Choyamba, musasiye mankhwala a furosemide, enalapril kapena china chilichonse chimene anakupatsani ku chipatala cha Chikwawa, Nsanje kapena Montfort ku Nchalo. Wogulitsa ufa wam'botolo akakuuzani kuti musiye, mutembenukireni msana.

Chachiwiri, pofuna ma polyphenol pitani pamsika wa Bangula kapena Ngabu, osati kufamase. Gulani mapira ofiira a phala kapena nsima, khobwe, nandolo, nyemba zofiira ndi anyezi. Mtedza muukazinge popanda mchere, ndipo musapete timakoko tofiira tija, ubwino uli pomwepo. Onjezani masamba a sangowa, masau ndi bwemba nyengo yake ikakwana.

Chachitatu, tiyi wa ku Thyolo imwani ndithu, koma padutse ola mutadya, chifukwa amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'chakudya, ndipo kuchepa kwa ayironi kumautopetsa kwambiri mtima wofooka. Shuga chepetsani, ngakhale mizimbe tikuionera pakhomo pomwepa.

Chachinayi, ndipo kwa ine chachikulu n'chimenechi, mchere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi. Kuno kuchigwa cha Shire mijigo yambiri imatulutsa madzi amchere, ndiye wina mwamwera kale m'kapu ndiwo zisanafike pamoto. Nsomba youma yothira mchere muiviike kaye n'kutaya madziwo. Soda wa m'therere nayenso amasungitsa madzi m'thupi ngati mchere womwe.

Chachisanu, ngati mukumwa spironolactone kapena enalapril, funsani adokotala musanazolowere malambe ndi nthochi tsiku lililonse. Zili ndi potaziyamu wambiri, mtundu wina wa mchere umene umasokoneza mtima ukachuluka m'thupi, ndipo mankhwalawa amamusunga m'magazi. Afunseninso kuchuluka kwa madzi oti muzimwa Okutobala akafika, kutentha kukamapitirira madigiri 40.

Muzikwera sikelo m'mawa ngati ilipo pafupi. Mukawonjezera makilogalamu oposa 2 m'masiku atatu, amenewo ndi madzi, osati kunenepa. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo.