Momwe mungayesere blockchain yogawanira nsanja za netiweki pa laputopu yanu

Nsanja imodzi paphiri la Soche itha kunyamula zida za makampani awiri kapena atatu. Kuno zinayamba kale: mu 2022 Helios Towers inagula nsanja za Airtel Malawi, ndipo ntchito ya Helios ndi kuchititsa lendi malo pansanjapo. Pogawana chinthu, povuta ndi pa bilu. Dizilo walowa malita angati mu jenereta? Wadya magetsi ambiri ndani? Apa ndi pomwe blockchain ingathandize: ndi kaundula wa pakompyuta yemwe aliyense ali ndi kope lake, ndipo palibe angafufute mzere payekha. Ine ndinayesa ndi Hyperledger Fabric, pulogalamu yomangira blockchain, kunyumba ku Chilomoni.

Yambani ndi Ubuntu, Docker ndi Git. Kuika zimenezi mukudziwa kale. Laputopu ikhale ya RAM 8GB, ndipo ngati mukugula yakale ku Limbe, iyatseni muone nokha. Wina anandilumbirira kuti ndi 8, kufika kunyumba ili 4. Kokani fabric-samples, foda ya zitsanzo za Fabric, pa bandulo ya usiku, chifukwa ma image a Docker (mapaketi a mapulogalamu omwe Fabric imayendera) amadya data koopsa.

Lowani mu foda ya test-network ya mu fabric-samples mulembe ./network.sh up createChannel. Mupeza Org1 ndi Org2, amenewo ndiye makampani anu awiri, kuphatikizapo orderer yemwe amasanja zolembedwa m'ndandanda.

Apa ndi pomwe ndinataya masiku atatu. Zonse zinayenda bwinobwino, magetsi n'kuzima, laputopu n'kufa. Nditayatsanso, ma peer (timapulogalamu tosunga kaundula wa Org1 ndi Org2) akungokana, ati satifiketi ya x509, yomwe ndi chiphaso chawo, sinayambe kugwira ntchito. Ndinafufuta Docker, kuikanso, bandulo ina kupita. Ndinafika pomukayikira Fabric yemweyo. Osadziwa kuti kabatire ka CMOS, kosunga nthawi kompyuta ikazima, kanatha kalekale, wotchi ya kompyuta inabwerera zaka zambiri m'mbuyo, moti masatifiketi ankaoneka ngati opangidwa mtsogolo. Lembani lamulo la date muone nthawi ya kompyuta musanakhudze china chilichonse! Nthawi ikakhala yolakwika, ikonzeni, sinthani kabatireko, kenako ./network.sh down n'kuyambanso. Kabatire kotchipa chonchi kundigoneka ndi mutu.

Tsopano chaincode, kapulogalamu kolemba ndi kuwerenga mizere mu kaundula. Tengani chitsanzo cha asset-transfer-basic, m'malo mwa katundu yemwe chimalemba muike nambala ya nsanja, tsiku, malita a dizilo ndi gawo la kampani iliyonse. Endorsement policy, lamulo la omwe ayenera kuvomereza mzere, ikhale yoti makampani onse awiri asaine, apo ayi mwangopanga Excel yodula. Komabe mlonda akalemba malita 200 atathira 150, blockchain isunga bodza lomwelo mosamala, ndiye mudzafunika sensa pa thanki.

Zotsalazo n'zachidule: ikani chaincode ndi ./network.sh deployCC, lembani mzere ngati Org1, werengani ngati Org2. Ukaoneka mbali zonse, zatheka.