Malangizo kwa Oyendetsa Galimoto Usiku Pafupi ndi Malo Osungirako Nyama Zakutchire

Alimi ndi amalonda ambiri a ku Dedza ndi Ntcheu amanyamuka dzuwa litalowa pofuna kuti mbatata ya kachewere, tomato ndi kabichi zochokera ku Bembeke, Lizulu ndi Tsangano zikafike pamsika mbandakucha zisanafote. Ena amatsika msewu wa Khwekhwelere kulowera ku Golomoti kukaoda nsomba kunyanja, ndipo pobwerera amathamanga kuopa kuti katundu angawonongeke. Maulendo amenewa amadutsa m'mbali mwa nkhalango zomwe muli nyama zikuluzikulu, ngakhale kuti ambiri mwa oyendetsa malole, maminibasi ndi njinga zamoto za kabaza amaganiza kuti njovu ndi nkhani ya kutali.

Njovu zili pafupi nafe. Nkhalango ya Dedza-Salima ndi ya Thuma, zomwe bungwe la Wildlife Action Group limathandiza kusamalira, zili ndi njovu. Kumwera kuli paki ya Liwonde, yomwe bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa mu 2015 pamodzi ndi nkhalango ya Nkhotakota. M'zaka za 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina zoposa 250 zinatengedwa ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu. Msewu wa M18 wochoka ku Kasungu kupita ku Nkhotakota umadutsa mkati mwenimweni mwa nkhalango ya Nkhotakota. Malo ambiri otere ali ndi mpanda wamagetsi, komabe mtengo ukagwera pa waya, kapena anthu akadula wayayo kuti akapangire misampha, nyama zimatuluka.

Langizo loyamba ndi lakuti ngati ulendo ungathe kudikira m'mawa, udikire. Ngati sungathe, mfundo yaikulu yoti muigwire ndi iyi: musamathamange kuposa pomwe magetsi a galimoto yanu akuunikira. Galimoto yoyenda makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi iliyonse, ndipo kuchokera pomwe dalaivala waona chinthu mpaka pomwe matayala aimiratu pamafunika mamita oposa 50, pamsewu wouma komanso mabuleki ali bwino. Magetsi odima, omwe timayendera tikamadutsana ndi magalimoto ena, nthawi zambiri saunikira kupitirira mtunda umenewo. Izi zikutanthauza kuti pa liwiro limeneli, chomwe mwachiona mochedwa mwachigunda kale. Lole yodzaza matumba a mbatata imafuna mtunda wotalikirapo, makamaka potsetsereka. Mukatsitsa liwiro kufika makilomita 40 pa ola, mtunda womwe mabuleki amafuna umachepa kanayi, chifukwa mphamvu ya galimoto yothamanga imakula mofulumira kuposa liwiro lenilenilo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pomwe nkhungu imakuta mapiri a Dedza, ngakhale liwiro limeneli likhoza kukhala lalikulu, ndipo magetsi owala kwambiri amangokubwererani m'maso.

Njovu imavuta kuiona usiku kuposa momwe anthu amaganizira. Khungu lake ndi lotuwa ngati phula lakale, silinyezimira, ndipo maso ake ali pamwamba kuposa pomwe magetsi amaunikira, choncho dalaivala amayamba kuona miyendo yooneka ngati mitengo, nthawi itatha kale. Njovu yamphongo imatha kulemera matani 6. Mvuu nayonso imatuluka m'madzi usiku kukadya msipu ndipo imayenda makilomita angapo, kotero oyenda m'mbali mwa mtsinje wa Shire ku Liwonde komanso m'mphepete mwa nyanja aziikumbukira. Nyama zing'onozing'ono monga gwape, mbawala ndi kalulu zimaoneka ndi maso ake owala, koma zikathobwa ndi magetsi zimangoima pakati pa msewu kapena kuthawira komwe galimoto ikulowera. Imodzi ikadutsa, dziwani kuti inzake ili m'mbuyo.

Msewu umachenjeza amene akuuyang'ana. Ndowe zaziwisi pa phula, nthambi zothyoledwa kumene ndi mapazi akuluakulu m'mbali mwa msewu zimasonyeza kuti njovu zadutsa posachedwa. Khalani tcheru kwambiri pa milatho ndi m'madambo m'miyezi yotentha ya Seputembala mpaka Novembala pomwe nyama zimafunafuna madzi, pa nyengo ya mango, komanso chimanga chikamakhwima m'minda yoyandikana ndi nkhalango. Magalimoto akubwera kutsogolo akamakuphethirirani magetsi, musafulumire kuganiza kuti akukuuzani za apolisi apamsewu.

Mukakumana ndi njovu, imani patali, dimani magetsi ndipo injini isazime. Musalize hutala, musaponde mafuta mwaphokoso pofuna kuiopseza, ndipo aliyense akhale m'galimoto, kuphatikizapo okwera pamwamba pa katundu omwe amakonda kudumpha n'kuyamba kuthawa. Njovu yotambasula makutu, yopukusa mutu ndi kulira ikukuuzani kuti mwayandikira kwambiri, ndipo zikatero bwererani m'mbuyo pang'onopang'ono. Musalowe pakati pa njovu yaikazi ndi mwana wake ngakhale mpata ukuoneka wokwanira. Kudikira kumatopetsa, makamaka nsomba zili m'galimoto, koma kawirikawiri njovu zosasokonezedwa zimadutsa zokha. Kwa akabaza langizo n'losiyana pang'ono: poti mulibe chokutchingirani, tembenuzani njinga mudakali patali n'kubwerera, ndipo mukachenjeze ena omwe akubwera.

Pa nyama yaing'ono, pondani mabuleki mwamphamvu mutagwira chiwongolero mowongoka. Ngozi zambiri zoopsa zimadza chifukwa cha kukhotetsa mwadzidzidzi: dalaivala amapulumutsa kalulu n'kugwetsera lole kuphompho kapena kuwomba anthu oyenda pansi. Musananyamuke pukutani galasi la kutsogolo ndi magalasi a magetsi, onetsetsani kuti magetsi onse awiri akuyaka, ndipo mangani lamba. Galimoto ya diso limodzi, yomwe taizolowera kwambiri pamsewu wa M1, siyenera kulowa m'dera la nyama usiku. Tulo tikakupezani, kagoneni pamalo a malonda pomwe pali anthu, osati m'nkhalango, pakuti afisi alipo m'mapiri athu ndipo amayenda usiku.

Ngozi ikachitika, yatsani magetsi ochenjeza, thandizani anthu ovulala, koma musayandikire nyama yomwe yagundidwa chifukwa nyama yopweteka imalusa ngakhale ikuoneka ngati yafa. Dziwitsani apolisi apafupi kapena ogwira ntchito ku nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire, ndipo muwauze malo enieni kuti akaione isanavulaze anthu a m'midzi. Musaikweze m'galimoto poganiza kuti mwapeza ndiwo. Lamulo loteteza nyama zakutchire, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limaletsa kupezeka ndi nyama yotetezedwa kapena chiwalo chake popanda chilolezo, ndipo pa nyama monga njovu chilango chimatha kufika zaka 30 m'ndende.