Galimoto ikungoti "tiki" osalira? Tchekani solenoid musanagule sitata ina

Mwapotoza kiyi, magetsi a pa dashboard ayaka bwinobwino koma injini zii, kungomveka "tiki" basi. Ambiri zikatere amathamangira ku Biwi kapena ku Malangalanga mu Lilongwe kukagula batire kaya sitata yonse, chonsecho mwina chavuta ndi solenoid yokha, kaja kooneka ngati kachitini kamene kamakhala pamsana pa sitata.

Mkati mwa solenoid mulibe zambiri. Muli koyilo, ndiye kuti waya wa kopa wokulungidwa kambirimbiri mozungulira kachubu, mkati mwa kachubuko muli kachitsulo koyenda uku ndi uku. Moto ukadutsa mu waya uja pamabadwa mphamvu ya maginito yomwe imakoka kachitsuloko, moto ukaduka sipuling'i imakabweza pamalo pake. Nzeru yomweyi ndi imene imatsegula ma injector othira mafuta mu injini komanso kulowetsa madzi m'makina ochapira.

Pa sitata kachitsuloko kali ndi ntchito ziwiri, kamakankha kagiya kuti mano ake alumane ndi flywheel (chigiya chachikulu chozunguza injini), kumbuyo kwake kamagunditsa kambale ka kopa pa ma contact awiri kuti moto wa batire upite ku mota. Sitata imakoka ma amp oposa 100, pa dizilo ndiye osanena, ndiye timawaya ta pa kiyi sitingapirire moto wotere, tingapse pompo.

Choyamba, mvetserani kaye. Ikamati tikitikitiki mofulumira magetsi akuphethira, pamenepo ndi batire lofooka kapena ma terminal omasuka, aja amamera ufa woyera aja. Solenoid ikukoka koma mphamvu ikugwa, imasiya, imakokanso. Batire lodzadza limawerenga 12.6 volts injini itazima, likatsika pansi pa 12 lafooka. Tsukani ma terminal, mangani, jampitsani, sitata musaikhudze n'komwe. Kukakhala zii osamveka kalikonse onani fyuzi ndi relay ya sitata (kaswitchi kamagetsi kotumiza moto ku solenoid), ndipo ngati ndi automatic giya ikhale pa P, yesaninso pa N.

Chachiwiri, ngati zonsezo zili bho, kokani handbrake, giya pa nyutirolo kapena P, mwala pa tayala, mnzanu akhale pa kiyi inu mutenge multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Pa solenoid pali bawuti yaikulu ya waya wonenepa wochokera ku batire, bawuti ina yopita ku mota, ndi kawaya kakang'ono kochokera ku kiyi, pena pamalembedwa 50 kapena S. Chingwe chakuda cha multimeter gwiritsani pa chitsulo cha injini, chofiira pa kawaya kakang'onoko. Mnzanu akapotoza kiyi muone ma volts oyandikira 12. Ngati palibe, solenoid ilibe mlandu, bwererani ku kiyi, relay ndi mawaya. Ngati moto ulipo koma osamveka "tiki" ndiye koyilo yapsa, ngakhale maburashi a mota akatha zimathanso kutero chifukwa gawo lina la koyiloyo limadutsira ku mota komweko.

Chachitatu, sunthirani chofiira pa bawuti yopita ku mota. "Tiki" yamveka koma moto sukufika, ma contact aja adyeka, ndipo vuto ili ndi lofala zedi pa galimoto zakale. Moto ukufika koma mota osazungulira, ndi mota yomweyo kapena waya wa earth. Masitata ambiri a Denso omwe ali mu ma Toyota amamasulika kumbuyo, mekaniki wa zamagetsi amangosintha ma contact ndi kachitsulo kaja, mtengo wake sungafanane ndi wa sitata yonse, ndiye musalole kuti akuuzeni "yatha iyi bwana" asanatsegule.

Musanamasule chilichonse chotsani kaye terminal ya negative pa batire, chifukwa bawuti yaikulu ija imakhala ndi moto nthawi zonse olo kiyi ili m'thumba, sipanala ikangogunda bodi ndi moto buu. Zolumikiza mabawuti a solenoid ndi screwdriver kuti galimoto ilire zija ine sindimazivomereza, galimoto ikakhala mu giya imanyamuka inu muli kutsogolo. Kugogoda sitata ndi sipanala mnzanu akupotoza kiyi kumathandiza ndithu mukafera pakati pa msewu, koma gogodani pang'ono, masitata ena ali ndi maginito mkati omwe amasweka, ndipo ikalira osazimitsa mpaka mukafike ku galaja.