Mmene Mungayezetsere Matenda a Nkhupakupa Akabweranso

Ngati mwabwerera ku Lusaka kuchokera kumudzi koweta ng'ombe, monga ku Chongwe, ndipo thupi latentha, yambani mwayezetsa malungo. Akapanda kupezeka, fufuzani pakhungu kachilonda ka nkhanambo yakuda, chifukwa pamenepo ndi pomwe nkhupakupa imalowetsera bakiteriya wa Rickettsia africae, amene amayambitsa matenda a nkhupakupawa.

Chonde uzani adokotala ngati munadwalapo matendawa kale. Asilikali a m'thupi amene analimbana ndi matenda oyambawo amakhalabe m'magazi kwa miyezi yambiri, choncho kuyeza magazi kamodzi sikungasiyanitse matenda akale ndi atsopano; pamafunika kuperekanso magazi pakatha milungu 2 mpaka 4 kuti aone ngati asilikaliwo achuluka. Kumene kuli PCR (njira yoyezera yofufuza bakiteriya weniweniyo), kuyeza nkhanamboyo kumapereka yankho msanga. Adokotala akakupatsani mankhwala opha bakiteriya otchedwa doxycycline, yambani kumwa osadikira zotsatira.