Musanathire matailosi, kwerani kaye kudenga

Mwezi wathawu anandiitana bambo ena ku Area 25 kuti ndikaone nyumba yomwe akonza kuti agulitse, ndiye nditangolowa ndinaona kuti ndalama yalowa ndithu, matailosi onyezimira mpaka kukhonde, tinyale ta mitundumitundu m'siling'i, khoma la pabalaza lina lofiira lina ngati golide. Koma nditakweza maso pakona ya chipinda chogona ndinaona banga lachikasu, penti wapakidwa kumene koma banga latulukira kale. Ndinapempha makwerero nkutsegula kachitseko ka m'siling'i kaja, kusuzumira, dzuwa likulowa m'malata ngati sefa, ndipo thabwa lina nditalikanikiza chala chinangolowa, chiswe chinamaliza kalekale mkati. Bambo aja amvekere wogula sangakwere kumeneko. Amakwera bambo. Masiku ano munthu amabwera ndi mmisiri wake, ndipo ngati akugula ndi ngongole ya kubanki, bankiyo imatumiza valuwa, woyesa mtengo wa nyumba, amene ntchito yake ndi kufufuza zomwezo zimene inu mukuganiza kuti zabisika.

Nde tiyeni tikambirane, inu amene mwagula nyumba yakale kapena muli nayo kale ndipo mukufuna kuikonza kuti mugulitse mupezepo kenakake. Wogula nyumba amabwera ndi mantha, akuopa kudontha, akuopa chiswe, akuopa ming'alu, akuopa kuti mawa kubwera munthu wina ndi mapepala nkumati malowa ndi a malemu agogo ake. Ndalama yanu iyambe yachotsa manthawo, zokongoletsa zibwere pambuyo ngati yatsalako.

Koma musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, dziwani kuti dera ndi limene limaika malire a mtengo. Nyumba ya ku Chinsapo kaya ku Mtandire, muikonze bwanji, siidzagulidwa pa mtengo wa ku Area 47 kapena Area 43, chimodzimodzi ya ku Bangwe siingafike pa ya ku Namiwawa kapena Nyambadwe, chifukwa munthu wa ndalama zoterozo akuyang'ananso msewu, aneba, ndi mtunda wopita kuntchito. Yendani m'deramo, mufunse nyumba zitatu kapena zinayi zofanana ndi yanu kuti zinapita pa zingati, ndikutanthauza ndalama imene inaperekedwadi, osati zimene mumaona pa Facebook zija, pajatu madobadoba amakhala aikapo kale yawo pamwamba ndipo nyumba zina zimakhala pamenepo chaka chathunthu osagulidwa. Mukapeza mtengowo chotsanipo ndalama yomwe munagulira, komishoni ya eyijenti, ya loya, misonkho, ndi miyezi imene nyumba ikhale yopanda wa lendi. Chotsalacho ndi chimene muli nacho chokonzera ndi phindu lomwe, zonse ziwiri zichokere momwemo. Chikakhala chochepa, ingotsukani nyumbayo, mukonze podontha, mugulitse.

Palinso phindu lina lonamiza limene lapusitsa anthu ambiri zaka zino. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye munthu amene anagula nyumba zisanachitike izi nkugulitsa pambuyo pake amaona mamiliyoni achuluka nkumadzitama kuti wawina, chonsecho ndalamayo siingamangenso nyumba ngati yomwe wagulitsayo. Ine ndimauza anthu kuti muziwerengera m'matumba a simenti. Tsiku logula, ndalama yanu ikanagula matumba angati, nanga tsiku logulitsa ikugula angati? Mayankho ake nthawi zina amawawa koma sanama.

Tsopano kudenga. Kwerani masana dzuwa lili pamutu, paliponse pamene pakulowa kuwala padzalowanso madzi. Nthawi zambiri vuto silikhala lata lonse ayi, limakhala pa misomali imene inazuka kapena kuchita dzimbiri, pa maliji ovundikira pamsonga pa denga, ndi pamene madenga awiri akumana paja madzi amasonkhana. Ngati malata angochita dzimbiri pamwamba, akwecheni ndi bulashi ya waya, mupake mankhwala oletsa dzimbiri kenako penti wa padenga, nyumba imasintha nkhope ndi ndalama yochepa. Ngati abooka, sinthani, ndipo pogula kumbukirani kuti nambala ya geji ikamachepa lata limanenepa, geji 28 ndi yolimba kuposa 32, ena amaganiza mobwerera nkukagula opyapyala poyesa kuti nambala yaikulu ndiye yamphamvu. Matabwa odyedwa ndi chiswe musawasiye ati poti enawo ali bwino, chotsani, ndipo atsopanowo, kaya ndi paini kaya bulugamu, akhale ouma ndi opakidwa mankhwala mbali zonse ndi kumapeto komwe kwadulidwa. Oyilo wakuda wa galimoto amene ambirife timapaka amathandizako pang'ono koma sapha chiswe chimene chili kale pansi pa nyumba, chimenecho chimafuna mufufuze njira zake m'khoma, ngati pali chulu pafupi muthane nacho, ndipo m'mbali mwa fondeshoni muthiridwe mankhwala ndi munthu wodziwa.

Chinyontho ndiye chimene ndikufuna tichedwepo, chifukwa apa ndi pamene anthu amataya penti wambiri pachabe. Mukaona m'munsi mwa khoma penti akufufuma ndi kusupuka, pulasitala akuyoyoka ngati ufa ndipo pakutuluka zoyera ngati mchere, dziwani kuti madzi akukwera kuchokera pansi, mwina nyumbayo sanaiike pepala lija lotchinga chinyontho la dampukosi, kapena analiika koma dothi la panja linakwera mpaka kulipitirira. Yambani panja. Chotsani dothi ndi maluwa amene atsamira khoma, muwake kakhonde ka simenti kuzungulira nyumba yonse kotsetserekera kunja, mukumbe ngalande yoti madzi a padenga azithawa kutali ndi fondeshoni. Mukatero gumulani pulasitala wovundayo mpaka kupitirira pamene chinyontho chalekezera, khoma lipume liume, kenako muwake wina wothira mankhwala oletsa madzi, muzimuthirira kwa sabata imodzi, ndipo musathamangire penti, mudikire masabata angapo aume mpaka mkati. Ndikudziwa mumakhala mukufulumira koma penti wa pa khoma lonyowa safika mwezi. Ena amamata matailosi m'munsimo kuti zibisike, madzi aja amangokwera nkukatulukira pamwamba pa matailosiwo.

Ming'alu ilipo iwiri. Ting'onoting'ono tangati tsitsi ta pa pulasitala si nkhani, timatsekeka ndi phala lomatira lija la fila. Koma mng'alu woyenda mopingasa kuchokera pakona ya windo kapena chitseko, wolowa chala, wooneka mkati ndi kunja komwe, umenewo ukunena za fondeshoni, makamaka nyumba zomangidwa m'madambo pa dothi la makande limene limafufuma dzinja nkuuma ming'alu chilimwe. Matani kasimenti pang'ono podutsa mng'aluwo mudikire milungu ingapo, kakasweka ndiye kuti nyumba ikuyendabe, itanani injiniya, osati bilidala wongobwera ndi chipande. Ndipo ku Blantyre chichitikireni namondwe wa Freddy mu March 2023, amene anakokolola nyumba ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche, wogula amafunsa kaye kuti madzi a mvula amadzera kuti, ndiye ngati nyumba ili pa malo otsetsereka, ngalande ndi khoma lotchinga dothi zikugulitsirani nyumba kuposa kabati ya kukhitchini.

Zikatha izi bwerani ku madzi, magetsi ndi chimbudzi. Nyumba yokhala ndi mita yakeyake ya ESCOM ndi ya Water Board, yopanda ngongole, imayenda msanga kusiyana ndi ija yogawana mita ndi aneba, palibe amene amafuna kugula mikangano ya mayunitsi. Mawaya akale olumikiza ndi selotepi asinthidwe ndi wamagetsi wokhala ndi chiphaso cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta. Ngati chimbudzi ndi chapanja chokha ndipo madzi alipo, kulowetsa chimbudzi ndi bafa m'nyumba ndi ndalama imene kawirikawiri imabwerera, bola sepitiki ndi sokawe, maenje olandira zonyansa ndi madzi ake, zikumbidwe bwino, zitalikirane ndi chitsime mamita 30 kapena kuposa, ndiponso pakhale poti galimoto yopopa idzafike. Thanki ya madzi pa sitandi nayo anthu amaikonda, mipopi yathuyi mukuidziwa.

Mpanda ndi geti, eee, zimenezo m'tauni muno ndi zimene munthu amayamba kuona ali m'galimoto. Ngati ndalama ilipo mangani, wamba koma wowongoka. Kuseri ngati kuli malo, kanyumba ka zipinda ziwiri ka lendi kamakopa kwambiri wogula chifukwa iye akuwerengera kuti kazimuthandiza kubweza ngongole, koma pulani yake idutse kukhonsolo, musangomanga usiku. Pa zomangira, boma linaika malamulo mu 2018 oletsa njerwa zootcha pa zomangamanga za boma ndi za malonda pofuna kuteteza mitengo, ndipo mabuloko a simenti afala, koma samalani ndi aja oumba m'mbali mwa msewu amene thumba limodzi amalikoka mpaka buloko nkumafumbutuka m'manja. Ligwetseni pansi limodzi musanalipire.

Mapepala ndiye ambiri amawakumbukira wogula atabwera kale ndi ndalama. Title deed kapena lizi ili m'dzina la ndani? Ngati ndi malo a lizi, ambiri amakhala a zaka 99, lendi ya malo ija ya ground rent munalipira? Nanga msonkho wa kukhonsolo uja wa ma city rates? Ngati nyumba inachokera ku Malawi Housing Corporation, dzina linasinthidwa kapena likadali la munthu amene anagulitsa kwa amene anakugulitsani? Posintha umwini pamafunikanso chikalata cha MRA chosonyeza kuti za misonkho zili bwino, ndipo zonsezi zimadya miyezi, choncho ziyambeni tsiku lomwe mwayamba kukonza denga. Nyumba ya masiye musaiponyere ndalama abale onse asanagwirizane ndi mapepala a kukhoti asanatuluke, ndaonapo munthu atamaliza kukonza bwinobwino kenako alongo ake a malemu nkutulukira kuchokera kumudzi. Nyumba yopanda title deed banki siikongozapo, ndiye mwatsala ndi ogula a kashi okha, ndipo a kashi amadziwa kunenerera.

Penti abwere pomaliza, ndipo akhale wa mtundu wofatsa, woyera kapena kirimu, wogula azitha kuona makatani ake m'maganizo. Matailosi a mtundu umodzi nyumba yonse, apakatikati, osati odula kwambiri. Zitseko zitsekeke, zogwirira zisagwedere, magalasi osweka asinthidwe, mpopi usadonthe, pabwalo pasesedwe, tinthu timeneti sitidya ndalama koma munthu akagwira chitseko nkumva kuti chikukhula pansi amayamba kukayikira nyumba yonse. Zimene mumakonda inuyo, zipilala zamaluwa, siling'i ya masitepe atatu, kabala ka zakumwa pabalaza, kazisungireni nyumba yomwe mudzakhalemo nokha.

Ntchito igwireni chilimwe, kuyambira May mpaka October, mvula isanayambe. Amisiri muzilipira pa gawo pa gawo, akamaliza denga alandire ya denga, ndipo mugwirizane polemba ngakhale ndi papepala la m'kope. Zipangizo kagulani nokha kapena mupite nawo, simenti muisanje pa matabwa isakhudze pansi kapena khoma, ndipo musaunjike yambiri yoti ikhale miyezi itatu, imayamba kuuma m'thumba momwemo. Muzijambula zithunzi ntchito ili mkati, matabwa atsopano asanatsekedwe ndi siling'i, mapaipi asanakwiriridwe, ndi kusunga malisiti, wogula mukamuonetsa zimenezi sachuluka zonena.

Bambo a ku Area 25 aja anakana kaye, kenako anavomera kuti tigwetse siling'i ya zipinda ziwiri, tinyale tija tili m'katoni pano, tasintha matabwa asanu ndi limodzi ndi malata a mbali ya kumvuma. Ndawauza kuti asaitane eyijenti mpaka mvula yoyamba igwe, tidzakwerenso ndi tochi tikaone.